Khobidi la Mayi Herminia

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala pazenera
la chikepe chokwera phiri, kuno ku Valparaíso,
kulandira makobidi, kubweza chenji,
zala kununkha chitsulo mpaka pogona.
Ndinkati ndalama ndimaidziwa.

Kasitoloko kali kuseri kwa msika wa nsomba,
pakati pa wosoka nsapato ndi wogulitsa makandulo.
Mayi Herminia, magalasi ali pansonga ya mphuno,
anaika khobidi m'dzanja langa
nafumbatitsa zala zanga ndi zawo zozizira.
Nditafumbatula, anali awiri.
Nditaphethira, linalinso limodzi.

"Mapeso zikwi khumi ndi ziwiri," anatero.
"Kugulira khobidi la mazana asanu?"
"Khobidilo ndi laulere, bambo.
Mukulipira nkhope ya amene adzaonerere."

Ndinatuluka. Ndinafika mpaka pokwerera basi.
Ndinawerengetsera: ameneyu ndi gasi wa milungu iwiri,
ili ndi theka la nsapato za Amparo.
Ndinabwerera.

Chinsinsi chake n'chochititsa manyazi:
kachigoba kopyapyala kovekedwa pa khobidi linzake
ngati chipewa. Basi.
Ndinakhala pabedi n'kudzitukwana.
Kapepala ka malangizo kanali ndi mizere isanu ndi umodzi;
wachinayi unandidyera milungu itatu.
Chala chachikulu chinkakana.
Kachigobako kankalira ngwee pamene kafunika kukhala chete,
kawiri konse kanagubuduka n'kulowa pansi pa firiji,
ine n'kugwada pakati pa usiku ndi mpini wa tsache,
munthu wa imvi zake.

Amparo amabwera kawiri pamwezi, Loweruka.
Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi,
msinkhu umene mwana amayankha bambo ake ndi mapewa.
Ndinadikira amalize supu.
Ndinapinda malaya m'mikono, mtima uli thithithi:
limodzi, awiri, limodzi.

Anayang'ana dzanja, nayang'ana ine.
"Tachitaninso."
Mayi Herminia anali atandichenjeza: osabwereza.
Ndinabwereza.
"Chala chanu chachikulucho chikubisa kanthu,"
anatero, osakweza n'komwe mawu.

Zikwi khumi ndi ziwiri, kutha m'masekondi makumi anayi.

Koma foni yake sanaitole.
Anakokera mpando pafupi, bondo lake kugunda langa.
"Patseni ndiyese."
Zala zake n'zazing'ono, kachigoba kankangomupulumuka,
anaseka mpaka kutsamwa,
tinapezeka tagwada tonse awiri pafiriji paja,
iye ndi tochi, ine ndi tsache.
Mayi ake analiza belu pansi kawiri, katatu.
Kanali koyamba mwanayo kuwadikiritsa.

Lachiwiri m'mawa, tulo tidakali m'maso,
ndinagula buledi kwa Fermín wapakona.
Masana ndi pamene ndinapisa m'thumba:
ndalipirira khobidi lija, ndi chigoba chomwe.
Ndinathamangirako. Fermín anakhuthulira pathebulo bokosi lonse,
tinasanthula limodzilimodzi, ufa uli m'manja.
Linali litapita kale ndi chenji cha wina.

Tsopano likuyenda mumzinda muno.
Mwina woyendetsa takisi wina adzaligwetsa,
adzaliona likubereka iye akupenya,
n'kudzilemba mtanda pamphumi.
Pazenera panga, khobidi lililonse la mazana asanu
ndimayamba ndalikanda ndi chikhadabo ndisanaliponye m'bokosi.
Anthu pamzere amang'ung'udza.

Mnzanga Leocadio akuti ndinaponya ndalama padoko.
Kapena. Sindinamutsutse.
Iye sanaonepo munthu akukokera mpando pafupi.

Dzulo Amparo ananditumizira uthenga,
woyamba chaka chino umene sindinayambitse ndine:
"Mwalipeza? Ndaganiza njira yobisira chala chija."

Sindinamuyankhebe.
Mayi Herminia amatsegula teni koloko,
ndipo gasi watsala wa masiku anayi.